Ndemanga ya matikiti a chaka chonse a timu ya Nebraska Cornhuskers ku Memorial Stadium

Ndinagula matikiti awiri oonera masewero onse asanu ndi awiri amene timu ya University of Nebraska inasewera pakhomo mu 2024, ndipo ine ndi mayi a kunyumba sitinaphonye ngakhale amodzi. Ndikulemba ndemangayi chifukwa abale ena obwera kumene kuno ku Lincoln, mzinda wa m'chigawo cha Nebraska ku America, akhala akundifunsa ngati n'koyenera kutaya ndalama pa mpira wa ana a sukulu, womwenso malamulo ake sitinakule nawo. Yankho langa ndi lakuti n'koyenera, koma wogula ayenera kudziwa chimene akugula. Tikitiyi sikutsimikizirani chipambano, pakuti timuyi inasiya kalekale kutenga zikho. Chimene imakupatsani ndi mpando pakati pa anthu amene sanasiye timu yawo kwa zaka zoposa 60.

Kwa amene sanauonepo, uwu ndi mpira wa ku America, wosongoka mbali zonse ziwiri, umene amaunyamula ndi kuuponya ndi manja. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11, ndipo timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti ipite patsogolo mayadi 10. Ikafikitsa mpira kumapeto kwa bwalo yapeza touchdown, yomwe ndi mapointi 6. Zinanditengera masewero awiri kuti ndiyambe kumvetsa zimene zikuchitika, ndipo amene anandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire wokhala kumanja kwathu, mlimi wa chimanga amene amayenda maola atatu pa galimoto kuti adzaonere. Dzina lakuti Cornhuskers limatanthauza anthu osenda chimanga, ndipo likuyenerera, chifukwa chigawo chonsechi ndi cha minda ya chimanga ndi makola a ng'ombe.

Bwaloli linatsegulidwa mu 1923 ndipo limalowa anthu oposa 85,000, kuwirikiza kawiri bwalo la Bingu ku Lilongwe. Nebraska ili ndi anthu pafupifupi 2 miliyoni okha ndipo ilibe timu mu ligi yaikulu ya NFL, choncho timu ya yunivesiteyi ndiyo ya wina aliyense, kuyambira dokotala wa ku Omaha mpaka woweta ng'ombe wa kumadzulo. Anthu akuno amakonda kunena kuti tsiku la masewero, bwaloli limasanduka mzinda wachitatu kukula m'chigawo chonse, pambuyo pa Omaha ndi Lincoln. Matikiti akhala akutha pa masewero onse a pakhomo kuyambira pa 3 Novembala 1962, ndipo ine ndinalipo usiku wa Lachisanu pa 20 Sepitembala 2024, pamene chiwerengerochi chinafika pa 400. Usiku umenewo timu inagonja kwa Illinois 31-24 mu nthawi yowonjezera, komabe ndinaona ochemerera ambiri ataima pafupi ndi potulukira, akuwombera m'manja osewera a timu imene yangowagonjetsa kumene. Mwambo umenewu ndi wakale kuno, ndipo unandigwira mtima kuposa china chilichonse chimene ndinaona chaka chonsecho.

Munthu sangamvetse kukhulupirika kotereku popanda kudziwa kumene timuyi yachokera, ndipo mbiriyo imakuzungulirani paliponse m'bwalomo, pa zipupa, pa zikwangwani ndi m'nkhani za anthu okhala nawo pafupi. Yunivesiteyi inayamba kusewera mpirawu mu 1890, koma ulemerero wake unayamba ndi mphunzitsi Bob Devaney, amene anabwera mu 1962 n'kutenga chikho cha dziko lonse mu 1970 ndi 1971. Anamulowa m'malo ndi Tom Osborne, munthu wofatsa ndi wosalankhulalankhula, amene anaphunzitsa timuyi kuyambira 1973 mpaka 1997. Pa zaka 25 zimenezo anapambana masewero 255, anagonja 49 ndipo anafanana mphamvu katatu, osakhalapo chaka chimene anapambana masewero ochepera 9. Zikho zake zitatu zinabwera kumapeto, mu 1994, 1995 ndi 1997, ndipo timu ya 1995, yomwe inaphwasula Florida 62-24, ambiri amaiwerengera pakati pa matimu amphamvu kwambiri amene mayunivesite a ku America anakhalapo nawo.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani imene bambo wachikulire uja ankaibwereza kawirikawiri si ya chipambano ayi. Pa 2 Januwale 1984, mu Orange Bowl, amodzi mwa masewero apadera otchedwa bowl amene matimu ochita bwino amasewera ligi ikatha, Nebraska inagoletsa touchdown kutatsala nthawi yochepa, zigoli n'kukhala 31-30 mokomera Miami. Osborne akanangouza anyamata ake kuti amenye mpira ndi phazi, akanapeza pointi imodzi, masewero akanathera kufanana mphamvu, ndipo mwachidziwikire chikho chikanapita ku Lincoln. Iye anasankha kufunafuna mapointi awiri kuti apambane poyera, mpira unaphedwa m'mwamba, ndipo chikho chinapita. Bamboyo ankafotokoza zimenezi monyadira, ngati kuti kugonja kuja ndiko kunawaonetsa mtundu wa munthu amene ankamutsatira.

Zimene zinachitika Osborne atapuma ndizo zimapangitsa kuti tikitiyi ikhale yowawa nthawi zina. Frank Solich anatenga chikho cha ligi mu 1999, chomwe ndi chomaliza mpaka lero, koma anachotsedwa ntchito mu 2003 ngakhale kuti chaka chimenecho anali atapambana masewero 9 mwa 12. M'kuona kwanga, apa ndi pamene mtanda wa nyumbayi unayamba kupendekera, chifukwa kuyambira pamenepo mphunzitsi aliyense ankabwera ndi njira yake n'kugumula za mnzake. Anadutsa Bill Callahan, Bo Pelini ndi Mike Riley, kenako Scott Frost, mwana wa komweku amene anatsogolera timu ya 1997 m'bwalo, koma naye anachotsedwa mu Sepitembala 2022 atagonja masewero 31 mwa 47. Pakati pa zonsezi yunivesite inachoka mu ligi ya Big 12 n'kulowa mu Big Ten mu 2011, zomwe zinabweretsa ndalama zambiri koma zinadula mkangano wakale ndi Oklahoma umene akuluakulu amaulirabe.

Chaka chimene ine ndinaonera chinali chachiwiri cha mphunzitsi Matt Rhule, ndipo ndinali ndi mwayi. Pa 7 Sepitembala timu inagonjetsa Colorado 28-10, phokoso likugwedeza benchi imene tinakhalapo. Pa 23 Novembala inaswa Wisconsin 44-25, chipambano chachisanu ndi chimodzi chimene chinaipatsa malo mu masewero a bowl koyamba chichokere 2016, ndipo ana a sukulu anakhamukira m'bwalo pamene achikulire ena kumbuyo kwathu ankapukuta misozi. Mu Disembala timuyi inapambana Pinstripe Bowl ku New York, pogonjetsa Boston College 20-15, n'kutsiriza chaka ndi zipambano 7 ndi kugonja 6. Nthawi ya Osborne zotsatira zotere zikanakhala zamanyazi, koma mu 2024 anthu anazilandira ngati mvula yoyamba.

Pali zinthu zingapo zimene wogula ayenera kukonzekera. Mipando yambiri ndi mabenchi opanda potsamira, choncho kansamiro ndi kofunika, ndipo kuzizira kwa Novembala kumafuna majekete enieni, magolovesi ndi chipewa cha ubweya. Masewero amatha maola oposa atatu chifukwa amaimaima pofuna kupereka mpata wa malonda a pa wailesi yakanema. Chakudya chimene ndingalimbikitse ndi Runza, buledi wotentha wokhala ndi nyama yogaya, kabichi ndi anyezi m'kati. Chondikhumudwitsa chinali chimodzi chokha, ndipo chinachitika kunja kwa bwalo, pamene mwini malo ena oimikapo magalimoto anakweza mtengo pa tsiku la masewero aakulu mosemphana ndi zimene tinagwirizana. Kuyambira pamenepo tinkasiya galimoto patali n'kuyenda wapansi limodzi ndi khamu lovala zofiira.

Za tsogolo ndili ndi chiyembekezo chosakanikirana ndi nkhawa. Ndalama zilipo, ndipo nyumba yatsopano yochitiramo maphunziro a osewera, Osborne Legacy Complex, ndi umboni wake. Koma mpikisano wakula, chifukwa mu 2024 Big Ten inalandira USC, UCLA, Oregon ndi Washington n'kufika pa matimu 18. Kuyambira 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, amasamuka sukulu mosavuta, ndipo mu Juni 2025 khothi linavomereza mgwirizano wolola yunivesite iliyonse kugawira osewera ake ndalama zokwana pafupifupi madola 20.5 miliyoni pa chaka choyamba. Sinditsutsa kuti anyamata amene amaika matupi awo pachiswe azilipidwa. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mgwirizano womwewo ukuika malire a osewera 105 pa timu, pamene Nebraska inazolowera kusunga pafupifupi 150, ambiri mwa iwo ana a m'matauni ang'onoang'ono obwera okha popanda thandizo la fizi, n'kumenyera malo ndi thukuta lawo. Anyamata amenewa ndi amene ankachititsa mlimi wa kutali kumva kuti timuyi ndi yakedi, ndipo sindikudziwa ngati mdzukulu wake adzayendabe maola atatu kudzaonera osewera ongobwera chaka chimodzi n'kumapita.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Kwa amene akukayika, ndikulangiza kuti ayambe ndi tikiti imodzi ya masewero a mu Sepitembala kunja kusanazizire, afike ola limodzi nthawi isanakwane kuti aone osewera akutuluka m'ngalande bwalo lonse litaimirira. Ife tinagulanso matikiti a 2025 pa mipando yomwe ija, ndipo bambo wachikulire uja anandilonjeza kuti chaka chimenecho adzabwera ndi mdzukulu wake.