Ndemanga: Thaler ya 1866 ndi 5 Mark ya 1907

Ndinaitanitsa makobidi awiri asiliva kwa wogulitsa wina wa ku Germany, ndipo anafika patatha masabata atatu, lililonse lili m'kachikwama kakekake ka pulasitiki. Loyamba ndi Vereinsthaler (mwachidule Thaler) ya ufumu wa Chijeremani wa Prussia ya mu 1866, yokhala ndi nkhope ya Mfumu Wilhelm I, ndipo lachiwiri ndi la 5 Mark la mu 1907, la Wilhelm II. Onse ali ndi chilembo cha A, chosonyeza kuti anasulidwa ku Berlin.

Nditawayeza pa sikelo, la 5 Mark linalemera magalamu 27.7 pomwe muyezo wake ndi 27.78, ndipo Thaler inakwana 18.4 m'malo mwa 18.52, kupereweraku n'kwa kuperepeseka m'manja mwa anthu. Maginito sanawagwire, monga mmene zimakhalira ndi siliva, ndipo mawu a Chijeremani akuti GOTT MIT UNS (Mulungu ali nafe) akuwerengeka bwino m'mphepete.

Ndinawagula pamodzi chifukwa akaikidwa moyandikana amafotokoza mmene dziko la Germany linasiyira siliva. Thaler inasulidwa motsatira pangano la ku Vienna la mu 1857, loti mu theka la kilogalamu ya siliva weniweni muzituluka makobidi 30, ndipo chiwerengerochi chinalembedwa pa khobidi penipenipo. Mayiko a Chijeremani atagwirizana mu 1871, anakhazikitsa Mark yodalira golide, koma Thaler inapitirizabe kugwira ntchito ngati 3 Mark mpaka mu 1907. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti Thaler ili ndi magalamu oposa 5.5 a siliva pa Mark iliyonse, pomwe la 5 Mark, ngakhale ndi lalikulu, lili ndi magalamu 5 okha pa Mark iliyonse, popeza mphamvu yake inkachokera ku golide osati ku siliva wake.

Dandaulo langa lili pa Thaler. Winawake anaipukuta kuti iwale, moti ndikaiyang'ana pa galasi lokulitsa zinthu ndimaona timizere tokandika pa tsaya la mfumu, ndipo kuda kwa ukalamba kunangotsala pakati pa nthenga za chiwombankhanga chojambulidwa kuseri kwa khobidilo. Wogulitsa sanatchule zimenezi, chonsecho khobidi lopukutidwa limatsika mtengo. Nditamulembera anavomereza mwaulemu n'kundibwezera gawo la ndalama. Ndidzagulanso kwa iye, koma ndidzayamba ndapempha zithunzi zojambulidwa pafupi, kuwala kukuchokera chammbali.