Woyeza maboti akale anandithandiza kusankha chochita ndi boti la bambo anga

Boti limene malemu bambo anga anandisiyira ndi la fayiba, lotalika mamita 5, ndipo latha zaka zoposa 30 likulowa m'madzi. Ndinazengereza nthawi yaitali kusankha chochita nalo, chifukwa aliyense amene ndinkamufunsa ankakokera kwake: makaniko ankati likonzedwe, wofuna kugula ankati latheratu kuti atsitse mtengo, pomwe abale ankati lisachoke pabanja. Pamapeto pake ndinaitana katswiri woyeza maboti, munthu amene sakonza komanso sagula maboti, choncho analibe chopindula pa yankho lililonse limene akanandipatsa.

Iwo anafika ndi kanyundo ka pulasitiki, tochi ndi kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo anayamba kugogoda thupi la botilo pang'onopang'ono kuchokera kutsogolo. Pamene fayiba inali yolimba pankalira mokweza, koma atafika kumbuyo, pakhoma limene amamangirirapo injini, kaliridwe kanasintha n'kumamveka ngati akugogoda chikuni chofumbwa. Anandifotokozera kuti m'maboti ambiri a fayiba khoma limeneli limakhala ndi pulayiwudi mkati, ndipo madzi amalowera m'mabowo a mabawuti ngati sanamatidwe bwino, kenaka thabwalo limawola mobisika kunja kukuonekabe kosalala. Pofuna kuti ndidzionere ndekha, anatukula injini n'kutsamira pa mwendo wake, ndipo khoma lonse linagwedera, timing'alu ta m'makona tikutseguka ndi kutsekeka. Atamasula bawuti imodzi, munatuluka madzi ofiirira osakanikirana ndi tizidutswa ta thabwa tonga utuchi wonyowa.

Chodabwitsa n'chakuti matuza a pansi pa boti, amene ine ndinkada nawo nkhawa kwambiri, sanawadetse nkhawa kwenikweni. Anaboola limodzi, munatuluka timadzi tonunkha ngati viniga, ndipo anati amenewo ndi madzi amene analowa pansi pa khungu lakunja la fayiba, vuto lochedwa kukula limene silikanamiza boti posachedwa.

Injini inapezeka kuti ili bwino. Anachotsa mapulagi n'kuyeza mphamvu ya kupanikiza kwa mpweya m'masilinda onse awiri, ndipo manambala ake anali oyandikana, osasiyana kupitirira 10 peresenti imene amakaniko ambiri amaitenga ngati malire. Oyilo wa m'magiya a kumunsi, pafupi ndi pulopela, anatuluka wooneka bwino, osati wotuwa ngati mkaka monga amakhalira madzi akalowamo.

Chimene ndinayamikira koposa ndi mmene anandiyalira nkhani yonse. Anandiuza kuti ndisamaone ngati ndili ndi katundu mmodzi, koma atatu: thupi la boti, injini ndi ngolo yokokera, ndipo chilichonse chili ndi msika wake. Kukonza khoma lakumbuyo kumafuna kudula fayiba, kukumba thabwa lonse lowola, kuikamo latsopano ndi kumatanso, ndipo popeza pansi popondapo panali pofewa m'malo awiri, ankakayikira kuti mitanda yochirikiza pansi nayonso yawola. Atawerengera zonsezi, ndalama zokonzera zinkaposa mtengo umene botilo likanagulidwa litakonzedwa kale. Sanandilamule chochita, ndipo anavomereza kuti munthu akhoza kukonza boti la kholo lake chifukwa cha chikondi, bola adziwe kuti ndalamazo sizidzabwerera. Pa nkhani yoligulitsa lonse mmene lilili, ananena mosapita m'mbali kuti ndiyenera kuuza wogula za khomalo, chifukwa injini ikhoza kulithyola boti lili pakati pa madzi ndi anthu.

Zodandaula zilipo ndithu. Lipoti limene analonjeza kuti lifika pakatha masiku atatu linatenga milungu iwiri, ndipo linadzaza ndi mawu aukatswiri opanda kumasulira, moti ndikanapanda kukhalapo tsiku loyezalo, sindikanatolapo kanthu. Chachikulu ndi chakuti pa njira yophwasula botilo n'kugulitsa injini ndi ngolo padera, imene iwo eni ankaoneka kuti akuikonda, thandizo lawo linali lochepa. Boti la aluminiyamu ogula zitsulo zakutha amalitenga chifukwa limasungunulidwa, koma fayiba siisungunuka motero, ndipo kuiwotcha kumatulutsa utsi woipa, choncho mwini wake amayenera kupeza wolidula ndi malo ololedwa kutayako zidutswazo. Pa zimenezi anangoti ndikafunse kwa oyang'anira zinyalala, zomwe ndikuona kuti n'zoperewera kwa munthu amene amakumana ndi maboti otere nthawi zonse.

Amene ali ndi kaboti kakang'ono kopanda matabwa obisika mwina sangafunike ntchito yotereyi, koma pa boti la fayiba lokalamba ndingawaitanenso popanda kukayika. Injini ndi ngolo ndinagulitsa padera mwezi womwewo, wogula injini atawerenga tsamba la lipoti lokhudza masilinda. Thupi la botilo lidakali chovundikira kuseri kwa nyumba, kudikira wolidula.