Kutsata chibaluni chokwera m'mwamba: simu, wailesi kapena setilaiti?

Chiulutsireni chibaluni chathu chachitatu kuno ku South Africa, anzanga akhala akundifunsa kuti ndimachitsata ndi chiyani. Ndiyankhe kamodzi.

Ndiyambe ndi chimene chidandiwawa. Ulendo woyamba ndidaika m'bokosi lomangirira ku chibaluni ka tracker (kachipangizo koonetsa pamene chinthu chili) ka simu khadi, konga kamene amabisa m'galimoto. Wogulitsa adanenetsa kuti kamagwira paliponse. Pasanathe mphindi khumi, kadontho pa mapu kadaima nji. Nsanja za foni zimaloza pansi kumene kuli anthu, pomwe chibaluni chimakwera mpaka makilomita 30 chisanaphulike. Ndidadzilimbitsa mtima kuti kadzuka bokosi likatera, koma lidakagwera m'chigwa cha minda ya chimanga ku Free State, kopanda netiweki. Tidazungulira m'mizere masiku awiri, masamba akuticheka m'mikono, maso ali pa parachuti yofiira imene sitidaione. Kamera idapita ndi zithunzi zonse. Mpaka lero simu sindifuna kuimva pa ntchito imeneyi.

Wailesi ndiyo ndimaikhulupirira. APRS, njira yotumizira pa wailesi malo amene chinthu chili, kuno imayenda pa 144.800 MHz ndipo imafuna layisensi ya wailesi ya amateur (ya anthu ongoikonda, osati yamalonda) yochokera ku ICASA, bungwe loyang'anira za mauthenga kuno. LoRa, mtundu wina wa wailesi yotumiza timauthenga tating'ono, ya pa 434 MHz ndi yotchipa, ndipo ndi mphamvu ya 10 mW yokha imamveka makilomita mazana, poti kumwambako kulibe phiri lotchinga. Aliyense woimva akhoza kutumiza zimene wamvazo ku SondeHub, tsamba la pa intaneti lotsata zibaluni, nonse n'kumaonera pa mapu amodzi. Vuto lake ndi pansi: bokosi likangotsika kuseri kwa chitunda, zii. Muyenera kukhala pafupi pagalimoto, eriyo ili m'manja.

Apa ndichenjeze, chifukwa ambiri amanamizira wailesi pomwe yalakwa ndi GPS. GPS ya kampani ya u-blox mukapanda kuiika pa airborne (kuitchera kuti ili pa chinthu chouluka) imasiya kuwerenga ikakwera pafupifupi makilomita 12. Mabatire nawonso akhale a lithium. Wamba amafa ndi kuzizira kopyola madigiri 50 pansi pa ziro.

Setilaiti ilibe nazo ntchito za chigwa. Kachipangizo kotumiza kudzera pa masetilaiti a kampani ya Iridium, monga RockBLOCK, mumalipira mwezi umene mukukagwiritsa ntchito komanso uthenga uliwonse. Koma werengani mgwirizano musanagule chilichonse. Kachipangizo ka kampani ina kamene ndidayamba nako kadaoneka kotchipa, kenako panatuluka ndalama yotsegulira ndi ya chaka chathunthu, pa ulendo wa maola atatu okha. Mtima udandipweteka. Komanso kachipangizo ka setilaiti kakagwa chafufumimba m'matope sikaona thambo, ndiye kamangireni koyang'ana kumwamba.

Masiku ano m'bokosi mwanga mumakhala LoRa yotsata ulendo wonse, ndi ka Iridium kotumiza kamodzi pa mphindi khumi kuti kandiuze munda umene lagwera. Chilichonse chili ndi batire yakeyake.