Digiri ya mbiri yakale: kodi ndalama za fizi zimabwerera?

Makolo ambiri a ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula amakwinya nkhope mwana akasankhidwa kukachita mbiri yakale ku yunivesite, poona ngati ndalama za thonje ndi ng'ombe zikuthera pa maphunziro opanda ntchito yake. Ine digiriyi ndinaichita pa yunivesite ina ya boma, ndipo ndinganene kuti nkhawa yawoyo ndi yomveka, ngakhale kuti pali zina zimene saziona.

Mphamvu ya maphunzirowa ili pa luso lofufuza. Tinaphunzitsidwa kuwerenga mafayilo a atsamunda ku National Archives ku Zomba, olembedwa Nsanje akutchedwabe Port Herald, kenako n'kukakhala pamphasa ndi agogo kuti tiyerekeze zimene DC wachizungu analemba ndi zimene eni nthaka amakumbukira, popanda kumeza mbali iliyonse mosatafuna. Umu ndi momwenso katswiri wa kafukufuku Matthew Schoffeleers anafufuzira nkhani ya M'bona, mzimu wa mvula wopembedzedwa ku Khulubvi ku Nsanje, imene anaitulutsa m'buku la River of Blood mu 1992. Luso limeneli lili ndi msika m'chigwa cha Shire muno, chifukwa munthu wosadziwa momwe Amakololo obwera ndi David Livingstone anakhazikikira m'zaka za m'ma 1860, n'kuyambitsa maufumu ngati a Kasisi ndi Katunga pakati pa Amang'anja a Lundu, sangamvetse chimene chimatenthetsa nkhani za ufumu ndi malire ku Chikwawa. Chibwerereni lamulo la malo a makolo la 2016 komanso ngalande ya ulimi wamthirira ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira, munthu wodziwa kufunsa akuluakulu za malire a minda, n'kulemba lipoti lomveka, sakhala chabe.

Zofooka zilipo ndithu. Sitinaphunzitsidwe kusanthula ziwerengero pa kompyuta, pamene mabungwe olemba anthu ntchito za kafukufuku amafunsa chimenechi poyamba, ndipo sikawirikawiri kuona malonda a ntchito otchula mbiri yakale. Mipata ya ku nyumba zosungira zinthu zakale, monga ya ku Chichiri, ndi yochepa kwambiri, moti anzanga ambiri anapita kukaphunzitsa kusekondale.

Wofuna digiriyi aitenge pamodzi ndi maphunziro a uphunzitsi, kapena adzaonjezere kosi yaifupi ya ziwerengero asanayambe kuponya makalata, ndipo ngati amalankhula Chisena ndi Chimang'anja asaiwale kuzilemba pa CV yake, pakuti ofufuza ochokera ku Blantyre amasowa owamasulira akafika kwa Tengani.