Mafani oziziritsa nyali za thanki ya nsomba: adaputa yakeyake kapena kutapa pa magetsi a nyali?

Ngati munaikapo nyali zamphamvu pansi pa chivundikiro cha thanki ya nsomba, mukudziwa mmene mumatenthera mmenemo. Gwirani chitsulo cha aluminiyamu chimene ma LED (timababu ta nyalizo) akhalapo nyali zitayaka maola atatu, dzanja silikhalitsa. Kutenthako kumakalambitsa ma LED msanga, kuwala kumayamba kuzilala, ndipo madzi, amene nsomba zambiri za m'madera otentha zimawafuna pakati pa madigiri 24 ndi 27, amakwera mwakachetechete. Ambirife timaikamo mafani a kompyuta a mavolti 12, a mamilimita 80 kapena 120. Pamene timasiyana maganizo n'pakuti magetsi a mafaniwo achoke kuti.

Kutapa pa magetsi a nyali kumakopa, ndipo inenso ndinayambira pomwepo. Pulagi imakhala imodzi, mawaya ochepa, fani imayaka ndi kuzima limodzi ndi nyali. Koma muyambe mwawerenga zimene zalembedwa pa bokosi lopereka magetsi ku nyalizo. Likamatulutsa mavolti 12 osasintha, ndipo likadali ndi mphamvu yotsala, zimatheka. Likakhala la mavolti 24, fani ya 12 ipsa, pokhapokha mutagula fani ya 24 kapena kuika kachipangizo kotsitsa mavolti pakati. Koma likalembedwa kuti constant current, musayerekeze n'komwe. Bokosi lotere limasunga ma ampeya kuti asasinthe, mavolti ndiwo amakwera kapena kutsika malinga ndi ma LED amene alumikizidwa, ndipo akhoza kupitirira 30. Fani imalanda magetsi a ma LED, nayonso n'kuwonongeka.

Ine chinandigwetsa ndi dimmer, kachipangizo kochepetsera kuwala kwa nyali. Ndinalumikiza fani pa magetsi otuluka mu dimmer, osaganiza kuti nyali zikamachepetsedwa madzulo, fani nayonso imalandira magetsi ochepa. Tsiku lina ndinamva kaphokoso ka ng'ung'ung'u, kutsegula chivundikiro ndinapeza mapiko akungonjenjemera osazungulira, chitsulo chikadali chotentha. Ngati mwasankha njirayi, tapani magetsi asanafike pa dimmer.

Adaputa yakeyake ya mavolti 12 ilibe mavuto onsewa. Fani ikafa, nyali sizikhudzidwa. Nyali zikavuta, mumadziwa kuti si fani. Mumangoika adaputayo pa timer (kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi yoikika) yomwe imayendetsa nyali, zonse n'kumayendera limodzi. Masamu ake ndi apafupi. Kumbuyo kwa fani kumalembedwa ma ampeya amene imadya, kawirikawiri pakati pa 0.1 ndi 0.3. Mafani awiri a 0.15 amafuna 0.3 onse pamodzi, choncho adaputa ya ampeya imodzi imawanyamula osatentha n'komwe. Siyani malo otsala, chifukwa fani imakoka magetsi ambiri panthawi yoyamba kuzungulira. Choipa chake n'chakuti imadya malo ena pa soketi, ndipo waya wina amawonjezeka kuseri kwa thanki. Kwa ine mtengo umenewo ndi wochepa.

Palinso mafani olumikiza mwachindunji ku magetsi a m'nyumba. Amakankha mpweya wambiri, ndipo amene akugwiritsabe ntchito nyali za metal halide, mababu owala kwambiri amene si a LED, zomwe zimatentha koopsa, amawakonda. Koma ndi aphokoso, komanso mukulowetsa magetsi okhoza kupha munthu m'malo a chinyezi, pamwamba pa madzi amene mumapisamo manja. Sindingawalangize kwa munthu amene si wa zamagetsi.

Mafani akakhala awiri kapena atatu, funso lina ndi la parallel kapena series. Pa parallel, mawaya ofiira onse amapita pamodzi ku positive, akuda onse ku negative, ndipo fani iliyonse imalandira mavolti 12 athunthu. Ina ikafa, inzake imapitiriza. Pa series, mafani awiri amagawana mavolti 12, iliyonse pafupifupi 6. Ena amachita dala zimenezi kuti phokoso lichepe, koma mafani ambiri amavutika kunyamuka pa mavolti ochepa chonchi, sagawana mofanana, ndipo waya wa imodzi ukaduka onse amaima. Ngati vuto ndi phokoso, gulani fani yaikulu yozungulira pang'onopang'ono, kapena adaputa yotha kutsitsidwa kufika pa mavolti 9. Pa fani ya mawaya atatu, wachitatu, wachikasu, ndi wowerengera liwiro, ungomatidwa n'kusiyidwa. Chenjerani ndi mafani a mawaya anayi: pa ambiri mwa amenewo wachikasu ndiye wa mavolti 12.

Kaya mwasankha njira iti, chinyezi ndiye mdani. Kupota mawaya n'kukulunga tepi sikukhalitsa, tepi imamasuka ndi kutentha ndipo kopa amachita dzimbiri lobiriwira. Wotchererani ndi solder (mtovu wosungunula), muveke heat shrink (kachubu kapulasitiki kofinya waya kakatenthedwa), ndipo malo olumikizira akhale kunja kwa chivundikiro. Waya uliwonse utsike kaye pansi pa soketi kenaka n'kukwera, kuti dontho lotsetsereka ligwere pansi lisanafike pa pulagi. Soketiyo ikhale yotetezedwa ndi RCD, kachipangizo kodula magetsi akayamba kudutsira kolakwika, monga m'madzi kapena m'thupi la munthu, kamene ena amati GFCI.

Pa nkhani ya kumene fani iloze, ine ndimaikankhitsa mpweya wouma kulowa m'kati, mpweya wotentha n'kutulukira pa mabowo a mbali ina. Fani yokoka mpweya kuchokera m'kati imameza nthunzi tsiku lonse, ndipo pa thanki ya madzi amchere mudzapeza mchere woyera wa timadontho tothovoka utaundana pa mapiko. Dziwaninso kuti fani ikayamba ntchito madzi amaphwa msanga. Pa thanki ya madzi amchere muziwonjezera madzi opanda mchere, chifukwa mchere sutuluka ndi nthunzi.