Kulowa upolisi ku England: digiri yodzilipirira kapena yophunzira uli kale pantchito?

Makolo ambiri amene ana awo akulira ku England ndi Wales amasokoneza njira ziwiri zolowera upolisi kudzera ku yunivesite, popeza zonse zimathera pa digiri ya zaupolisi. Koma mukafika pa ndalama ndi ntchito, njirazi zimasiyana kutalitali.

Yoyamba ndi Police Constable Degree Apprenticeship, mwachidule PCDA, yomwe idayamba mu 2018. Apa apolisi a dera lanu amayamba akulembani ntchito, kenako nkukutumizani ku yunivesite imene amagwira nayo ntchito. Maphunziro ndi a zaka zitatu, fizi amalipira ndi apolisiwo, ndipo malipiro mumalandira kuyambira mwezi woyamba. Si zophweka ayi. Munthu amaweruka shifiti yausiku atathana ndi ndewu za oledzera kapena nkhanza za m'banja, nkugona pang'ono, nkudzuka kulemba asayimenti. Amene ali ndi ana aang'ono amazimva kuwawa kwambiri, ndipo zaka zonse zitatuzo mumakhala mukadali pa nthawi yoyesedwa.

Yachiwiri ndi Professional Policing Degree. Mumafunsira malo kudzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite a ku UK, ngati wophunzira wina aliyense, nkuphunzira zaka zitatu silabasi yovomerezedwa ndi College of Policing, bungwe loyang'anira maphunziro a apolisi. Fizi ndi yanu. M'chaka cha maphunziro cha 2025/26 ku England idafika mapaundi 9,535 pachaka, kutanthauza oposa 28,000 pa zaka zitatu, musanawerengere nyumba ndi chakudya. Chimene chimandidetsa nkhawa ine nchakuti digiriyi sikulonjeza ntchito. Mukamaliza mumafunsirabe ngati ena onse, mumayesedwa mphamvu ndi thanzi, ndipo mbiri yanu imafufuzidwa. Muyeneranso kulowa upolisi pasanathe zaka zisanu chimalizireni, apo ayi digiriyo sawerengeranso ngati khomo lolowera.

Apa ndi pamene abale athu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ayenera kutsegula maso. Amene si nzika ya Britain amafunika chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, chija amati indefinite leave to remain, ndipo ofufuza mbiri nthawi zambiri amafuna kuti mukhale mutakhala ku UK zaka zitatu zapitazi. Yunivesite ingathe kukulandirani, nkulandira ndalama zanu, pamene apolisi sangakulembeni. Mwana amene adabwera pa viza ya mayi ake ogwira ntchito yosamalira okalamba akhoza kumaliza digiri yonse nkupeza khomo lili chitsekere. Pa PCDA zimenezi zimadziwika poyambirira, musanataye kobiri.

Sindikunena kuti digiri yodzilipirira ilibe pake. Wachinyamata wa zaka 18 amene sanakhwime mokwanira kukagogoda pakhomo nkukauza banja za imfa ya mwana wawo, zaka zitatu za kusukulu zimamupatsa mpata wokula. Angathe kudzipereka ngati special constable, wapolisi wosalipidwa koma wokhala ndi mphamvu zomanga, nkuona ngati mtima wake ulidi pamenepo. Akamaliza digiriyo nkulembedwa upolisi, nthawi yake yoyesedwa ndi zaka ziwiri.

Komabe ine mwana wanga atandifunsa, ndingamuuze ayese kaye PCDA. Ngati akufunitsitsa moyo wa pa yunivesite, aphunzire china monga zowerengera ndalama kapena zamakompyuta, chifukwa pali Degree Holder Entry Programme ya zaka ziwiri imene imalandira digiri ya phunziro lililonse, ndipo upolisi ukamukanika amakhala ndi pena pogwira. Kuyambira 2024 palinso Police Constable Entry Programme, yosafuna digiri nkomwe. Si dera lililonse mwa madera 43 apolisi limene limatsegula njira zonsezi nthawi imodzi, choncho yang'anani zimene polisi ya kwanuko ikulandira chaka chino musanalembe fomu ya UCAS.