RAM ya 3200, 3600 kapena 4400: ine nambala ya pabokosi inandipweteka

Anzanga atatu andifunsa funso lomweli mwezi uno, ati amwene ndigule ya 4400 kuti overclock iziyenda bwino? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi. Manambalawa ndi sipidi ya RAM, ndipo overclock ndi kuiyendetsa mothamanga kuposa sipidi yake ya masiku onse. Ndikunena za mtundu wa RAM wa DDR4 chifukwa ambirife tidakali pomwepo.

Ndiyambe ndi ya 4400 poti ndi yomwe inandiliza. Ndinaitanitsa kunja, ma stick awiri a 8GB, mtengo pafupifupi kawiri wa ya 3200, kuonjezapo yotumizira ndi msonkho umene sindinauwerengere n'komwe. Nditaiika, Task Manager ikuti 2133. Ndinati basi andibera. Koma ayi, RAM imadzuka pa sipidi yotsika ya JEDEC, bungwe loika miyezo ya RAM, nambala ya pabokosi ija ndi overclock kale, mpaka ulowe mu BIOS, momwe muli ma setting a bodi, ukayatse XMP, setting yokweza RAM kufika pa nambala ya pabokosiyo, pa ma bodi a ASUS a AMD amailemba DOCP. Ndayatsa, kompyuta zii, mafani akungozungulira screen ili bii, kuchotsa kabatire ka CMOS kuti BIOS ibwerere mwakale, kubwezera, kuyesanso, mpaka tambala kulira ine ndili pansi ndi sikuludiraiva. Itadzuka pa 4400 nditasintha BIOS, magemu sanasinthe kanthu, ena kumachita ngati akukoka mwendo.

Chifukwa chake ndinachidziwa mochedwa. Purosesa yanga ndi Ryzen 5 5600, ndipo pa ma Ryzen amenewa Infinity Fabric, njira yolumikiza zigawo za mkati mwa purosesa, imafuna kuyenda limodzi ndi RAM, 1:1. Pa 3600 imakhala 1800, poti sipidi yeniyeni ya RAM ndi theka la nambala ija, bwinobwino. Ambiri amafika 1900 yomwe ndi 3800, kupitirira apo ndi mwayi. Ukakakamiza 4400 memory controller, gawo la purosesa loyendetsa RAM, imatsika n'kumayenda theka, ndiye latency, nthawi yodikira kuti RAM iyankhe, imakwera, zomwe wapeza uku wazitaya uko. AMD yeniyo imangolonjeza 3200. Ndiye bokosi silinaname, stick imathadi 4400, koma lonjezolo ndi la stick yokha, osati la purosesa ndi bodi yako. Ogulitsa aja atamva zobweza anangoti katundu alibe vuto komanso bokosi mwatsegula. Chowawa n'chakuti ankanena zoona.

Ya 3200 CL16 (CL ndi nambala ya kuchedwa kwa RAM poyankha, yochepa ndiyo yabwino) ndi yotchipirako, imapezeka, XMP imagwira osalimbana nayo. Zambiri zimakwera kufika 3600 ukawonjezera ka voltage pang'ono, koma ndi juga chifukwa sudziwa ma chip amene ali mkati, model imodzi yomweyo lero ali awa mawa ena.

Ma chip amenewa ndi amene munthu wa overclock ayenera kuwasaka. Samsung B-die ndiye dolo pa ma timing othina, manambala a kuchedwa aja akakhala ochepa, ukaona 3200 ya 14-14-14 kawirikawiri ndi yomweyo. Micron Rev. E ya mu Crucial Ballistix inali yokoma pa mtengo wake, anasiya kupanga mu 2022 koma za kaunjika zilipo. Pulogalamu ya Thaiphoon Burner imakuuza chip chomwe uli nacho, vuto ndi loti umadziwa utalipira kale.

Kasamu kopezera latency mu ma nanosecond (ns) nako n'kosavuta, CL kuchulukitsa ndi 2000, kugawa ndi sipidi. 3200 CL16 ndi 10ns. 3600 CL18 ndi 10ns yomweyo, ndiye amene akukuuza kuti 3600 iliyonse ndi moto mufunse CL yake kaye. 3600 CL16 ndi 8.9, ndipo 3200 CL14 ija ndi 8.75, kuposa zonsezi ngakhale nambala yake ikuoneka yonyozeka.

Magetsi a RGB sawonjezera FPS, mafelemu a gemu pa sekondi, ngakhale imodzi. Ma stick awiri amakwera mosavuta kuposa anayi, aikeni pa ma slot a pabodi olembedwa A2 ndi B2. A Intel onani bodi, B460 imatseka RAM pa 2666 ndi i5, anadzatsegula pa B560.

Ndiye ine ndikanakhala ndikugula lero pa AM4, soketi ya ma Ryzen ngati wangayu, ndi 3600 CL16, yatsa XMP, yesa RAM ndi pulogalamu ya MemTest86 usiku umodzi, basi. Thumba likakana tengani 3200 CL16, ndalama yotsalayo muonjezere ikhale 32GB. Ya 4400 mwachilungamo ma chip ake amakhala osankhidwa bwino ndipo pa Intel ya bodi ya Z ili ndi malo ake, koma kwa ine musaitchule. Yanga ija ilipo mkatimu, ikuyenda pa 3600, ndipo sitika ya 4400 ndimaiona tsiku lililonse kudzera pa galasi la kesi.